Funsani za Ziweto: Thadzi logula pamsewu lavala jekete, ndiliphe kapena ndilisamale?

FUNSO

Zikomo alangizi. Ine ndine mayi wochokera ku Dedza. Ndimakhala ku Joni, ku Cosmo City, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Kumayambiriro kwa Juni ndinagula nkhuku ziwiri zofiira kwa anyamata aja amagulitsa m'makeji m'mbali mwa msewu, zomwe amati zatha ntchito kufamu. Imodzi tinadyera nsima tsiku lomwelo. Inzake inagona m'katoni kudikira Lamulungu, koma kutacha tinapeza yaikira dzira. Mwana wanga wa zaka 7 analira kuti isaphedwe, nanenso chisoni chinandigwira, ndiye tinaisiya pabwalo pamodzi ndi nkhuku zitatu zachikuda za a landilodi.

Pano patha masabata awiri. Inaikira mazira anayi, awiri omalizawo ofewa opanda chigoba, kenako inasiya. Tsopano yavala jekete, imangokhala pakona n'kumaodzera. Lipombo ndi lotuwa, lagwera mbali imodzi. Pakhosi ndi pamsana palibe nthenga, zitosi ndi zamadzimadzi, ndipo pachifuwa pali chotupa mbali imodzi. Zinzake zimaijompha ikayandikira chakudya. Ndimaipatsa nsima yotsala, mpunga ndi nyenyeswa za buledi. Mnzanga wina akuti ndi chitopa, ndiisungunulire kapusozi ndi tsabola m'madzi. Wina akuti ndingoipha tidye isanafe yokha. Ndichite chiyani? Mwana akaweruka kusukulu amathamangira kukaiona asanavule n'komwe yunifolomu.

Mayi wa ku Cosmo City

YANKHO

Zikomo mayi. Mpeni uyambe wapuma, kapusozi ndi tsabola nazonso zikhale kaye uko.

Ndiyambe ndi chitopa, poti ndi dzina limene tonse timathamangira nkhuku ikangogwetsa mapiko. Chitopa sichikhala masabata awiri pa nkhuku imodzi zinzake zikupalasa bwinobwino pambali. Chikalowa pakhomo, m'masiku ochepa khola lonse limakhala kukamwa yasa, kupuma movutikira, zitosi zobiriwira, ina khosi litapindika, ndipo m'mawa uliwonse mumatola yakufa. Kuwonjezera apo, nkhuku za m'mafamu akuluakulu zimalandira katemera wa chitopa kangapo kuyambira zili anapiye. Choncho pa zimene mwalembazi, chitopa sindikuchiganizira kwenikweni. Komabe muziziyang'ana zitatu za a landilodi zija. Zikayamba kufa motsatizana, mitu itatupa, malipombo atada, pamenepo nkhani yasintha. Chikhoza kukhala chitopa kapena chimfine cha mbalame, chija chinapulula nkhuku mamiliyoni m'mafamu a kuno mu 2023 mpaka masitolo ena kumamuwerengera munthu mazira oti agule. Lamulo la dziko lino la South Africa, Animal Diseases Act ya 1984, limati matenda awiriwa akaoneka a boma adziwitsidwe. Madokotala a ziweto a boma la Gauteng ali ndi maofesi ku Randfontein ndi ku Germiston, ndipo a landilodi, monga eni pakhomo, angathe kuwaimbira.

Vuto lalikulu lomwe ndikuliona ndi loti mwailandira nkhukuyi ngati ya kwathu, pomwe si ya kwathu. Zofiira zimenezi kawirikawiri zimakhala za mtundu wa Lohmann Brown kapena Hy-Line Brown. Zimayamba kuikira zili ndi masabata 18 kapena 20, ndipo zikamakwanitsa masabata 72 mpaka 80 alimi amazigulitsa, thadzi lililonse litaikira mazira oposa 300. Thadzi la kumudzi limaikira khumi ndi angapo n'kufungatira, n'kulera ana, thupi n'kupuma. Lanuli silinapumepo. Moyo wake wonse woikira lakhala m'keji ya waya pa malo osakwana pepala la A4, m'nyumba yotentha ndi mpweya wa nkhuku zinzake masauzande, magetsi akuyaka maola 16 pa tsiku, chakudya chamtundu umodzi chili pamphuno, madzi likumwera pa kampopi kodontha likakajompha. Silidziwa beseni, silidziwa udzu, silidziwa kuti dzuwa likalowa nkhuku zimalowa m'khola. Mlomo anaudula kunsonga lili kamwanapiye, ndiye ngakhale kutola njere pansi kapena kubwezera zinzake zikalijompha kumalivuta. Ndiye mwalitulutsa panja mu Juni, ku Joni kuno komwe tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo m'bandakucha udzu umayera ndi chisanu. Lili ngati mlendo wa ku Nsanje wotsika basi pa Park Station usiku atavala kamalaya kamodzi.

Zina mwa zomwe zakuopsanizo ndi zimene nkhukuzi zimabwera nazo. Lipombo lalikulu, lotuwa, logwera mbali, zambiri zimatuluka nalo m'makeji, ndipo limafiira n'kuchepa pakapita masabata zili padzuwa. Dazi la pakhosi ndi la kukhuzika pa waya podya. Kusiya kuikira nakonso musadabwe nako: usana wa kuno mu Juni ndi wa maola 10 ndi theka okha, pomwe thadzi limafuna kuwala kwa maola 14 kapena kuposa kuti liziikira. Kusiyako n'kwabwino, mafupa apezeko mpumulo. Chimene sichili bwino ndi kukhumata ndi kuodzerako. Nkhuku imabisa matenda mpaka itatheratu mphamvu, ndiye ikafika poonetsa chonchi ndiye kuti nthawi yachepa.

Lero lomwe, mukaweruka, ichotseni pakati pa zinzake. Katoni yaikulu yoboola m'mbali, pansi manyuzipepala ndi udzu wouma kapena utuchi, n'kuiika pamalo popanda mphepo. Thupi la nkhuku limatentha madigiri 41, ndipo yopanda nthenga, yosadya, imataya kutentha kumeneko mofulumira kwambiri. Thirani madzi otentha m'botolo la malita awiri, likulungeni m'chitenje chakale, liikeni pakona imodzi ya katoni kuti ikamva kutentha izitha kusuntha. Mbaula ayi. Mbaula m'chipinda chotseka imapha anthu chaka chilichonse kuno, ndipo nkhuku ndi imene imayamba kugwa. Ndikudziwa kuti chipinda ndi chimodzi, chophikira ndi chogona momwemo. Ngati a landilodi ali ndi kagaraja kapena kosungira katundu, apempheni. Zikakanika, katoni ikhale kutali ndi mapoto, mapepala muzisintha m'mawa ndi madzulo, ndipo mwana asambe m'manja ndi sopo akangoigwira. Asamaipsopsone. Azungu ena amazilukira timajuzi nkhuku zoterezi. Ine sindivomereza, chifukwa nthenga zikamamera zimakhala ndi magazi mkati ndipo kajuziko kamazithyola.

Kenako madzi. Mwina nkhuku yanuyi ili ndi ludzu pomwe beseni lili pomwepo. Igwireni, muviike nsonga ya mlomo m'madzi ofunda pang'ono, muisiye idzutse mutu imeze yokha, mubwereze mpaka izindikire. Tsiku loyamba sungunulani masupuni aang'ono awiri a shuga mu lita imodzi, kapena gulani kapaketi ka mavitamini othira m'madzi kotchedwa stress pack kumene amagulitsa zakudya za ziweto. Musaikanule kukamwa n'kuthira ndi sirinji. Kabowo kopumira kali kumapeto kwa lilime, madzi akalowa mmenemo imatsamwa n'kufera m'manja mwanu. Ikakana kumwa, donthezani m'mbali mwa mlomo dontho limodzilimodzi. Thadzi labwinobwino limamwa pafupifupi kapu imodzi pa tsiku.

Tsopano ntchito imene ndikufuna muigwire ndi manja anu, chifukwa mankhwala oyenera adziwika pokhapokha mutaigwira. Usiku chotsani chakudya m'katoni, musiye madzi okha. M'mawa musanapite kokwera taxi, ipanireni m'khwapa, mupapase chotupa mwanenacho. Ngati chili m'munsi mwa khosi chakumanja kwa nkhukuyo, chimenecho ndi chithokomiro. Madzulo chimayenera kukhala chodzaza, m'mawa chophwa. Mukachipeza m'mawa chili gwa, ndiye kuti chatsekeka, ndipo ine ndikukayikira kwambiri pamenepa. Nkhuku ya m'keji ikaona kapinga koyamba imameza masamba ataliatali osadula, pomwe m'nthutumba mwake mulibe timiyala topera, ndiye udzuwo umapotana n'kutseka njira. Nsima yozizira ndi buledi zimangowonjezera phala pamwamba pake. Ipatseni madzi, musisite chithokomirocho pang'onopang'ono ndi zala kwa mphindi zingapo, m'mawa, mukaweruka ndi pogona, ndipo tsiku limenelo isadye zolimba. Mukachipeza chofewa, chodzaza madzi, kukamwa kukutuluka fungo lowawasa, ndiye kuti zakudya zasasa mkatimo. Apa m'pamene kapusozi wa mnzanuyo angaipitse zinthu, chifukwa chimene chimasasitsacho si mabakiteriya, ndi yisiti, ndipo maantibayotiki amapha tizilombo tabwino n'kumusiyira yisitiyo malo. Mankhwala ake ndi ena, amalemba ndi dokotala. Ndipo chonde musaizondotse kuti isanze, monga ena amachitira. Zambiri zimatsamwa pomwepo. Pakadutsa masiku awiri chithokomiro chisakuphwa, n'zofunika dokotala.

Mukachoka pamenepo tsitsani zala pa fupa la pachidali. Likakhala lakuthwa, mnofu utaphwa mbali zonse, nkhukuyo yakhala ndi njala nthawi yaitali. Gwirani mosamala, osainyamula ndi miyendo kapena mapiko, poti mafupa a nkhuku zimenezi ndi ofooka. Chigoba cha dzira limodzi chimadya magalamu awiri a kashiamu, ndipo chakudya chikapanda kukwanira thupi limakatenga m'mafupa. Mazira ofewa awiri aja akutiuza zomwezo: kashiamu watha.

Malo achitatu ndi amene ndimaopa, pamimba, pakati pa miyendo ndi kotulukira dzira. Mukamva chinthu cholimba chozungulira pafupi ndi kotulukirako, nkhuku ikuchita ngati ikufuna kuikira koma osatulutsa kanthu, mchira ukukwera n'kutsika, ndiye kuti dzira lakakamira. Ikhazikeni m'beseni la madzi ofunda ofika pamimba kwa mphindi 15 kapena 20, muipukute iume bwinobwino poti kukuzizira, mupake Vaseline pang'ono kotulukirako, muiike pamdima. Musafinye, dzira likasweka mkati ndi ngozi ina. Likapanda kutuluka pofika mawa lake, thamangani nayo. Koma mukapeza mimba yonse yatupa, yofewa, yolemera, nkhuku ikuyenda tang'atang'a kapena kuima chowongoka mchira uli pansi, nthawi zambiri ndi dzira lomwe linasochera n'kugwera m'mimba mpaka kuyambitsa mafinya, kapena chotupa cha m'chiberekero. Matenda amenewa ndi ofala pa nkhuku zopuma kufamu, ndipo sindikunamizani, zochira ndi zochepa.

Pomaliza tsegulani nthenga zotsalazo kukhwapa ndi kuzungulira kotulukira zitosi, muone ngati muli nsabwe kapena timazira toyera tomatirira m'tsinde mwa nthenga. Utitiri wina, wofiira uja, masana simungaupeze pathupi. Umabisala m'ming'alu ya matabwa n'kutuluka usiku kudzayamwa magazi, ndipo ungathe kukhala miyezi m'khola lopanda nkhuku osafa. Pitani ndi tochi ya pafoni kukhola la a landilodi usiku, mupukute kunsi kwa mtanda wogonapo ndi pepala loyera. Mizere yofiira ikaoneka, mwapeza china chimene chikutuwitsa lipombo. Ufa wophera tizilombo wa Karbadust umapezeka m'masitolo a za kumunda ndi m'mahadiweya ambiri. Wazani pang'ono kukhwapa, pamsana ndi kumchira, kupewa maso ndi mlomo, khola nalonso lisesedwe n'kuwazidwa, ndipo mubwereze pakatha sabata chifukwa timazira timakhala tisanafe. Parafini pakhungu lopanda nthenga amawotcha, musayerekeze. Njira ya agogo ya phulusa losakaniza ndi mchenga m'beseni lakale, yoti nkhuku izisambamo, imeneyo ndiye ndimaitamanda mpaka lero.

Nkhani ya chakudya ndi imene ndikukhulupirira kuti itembenuza zinthu ngati mimba ili bwino. Nsima, mpunga ndi buledi ndi zokhutitsa chabe. Chimanga chili ndi zomanga thupi zosakwana magawo 10 pa 100, kashiamu ndiye pafupifupi mulibe, ndipo makombo a ndiwo zathu amakhala ndi mchere wambiri. Chomwe nkhukuyi ikuchidziwa ndi chakudya cha nkhuku zoikira, layers mash, yomwe ili ndi zomanga thupi magawo 16 pa 100 ndi kashiamu pafupifupi magawo 4. Thadzi limodzi limadya magalamu 110 mpaka 120 pa tsiku, ndiye makilogalamu 5 akutengerani masabata asanu ndi limodzi. Simukufunika thumba lalikulu, ambiri amapima pakilo. Gulani ya ufa, osati ya timibulu, poti ya ufayo ndi imene inazolowera. Inyowetseni ndi madzi ofunda ikhale phala lolimba, muike m'mbale yakuya pang'ono kuti mlomo wodulawo uzitha kutapa. Masiku oyamba onjezerani dzira lowiritsa lonyenyanyenya, kapena mitu ndi fumbi la usipa lotsalira pansi pa jumbo, bola usakhale wothira mchere. Makoko a mazira musataye: akazingeni pang'ono pachiwaya, muwasinje, muike m'kambale kapadera. Pambali pake kambale ka mchenga wokhakhala wa timiyala. Mapeyala, chakudya chochita nkhungu ndi zotsala zowola zisafike pafupi. Ndipo poti makoswe a kuno tonse timawadziwa, funsani anzanu a pabwalopo ngati wina anatchera mankhwala aja ogula pamsewu, timibulu takuda tija. Nkhuku imatola ngati njere.

Za zitosi zamadzi, nthawi zambiri nkhuku yosadya imatulutsa zotero, ndipo zimalimba ikayamba kudya. Mukaona magazi kapena zonanda zofiirira, ganizirani za coccidiosis, matenda a m'matumbo amene amagwira mosavuta nkhuku yomwe yakhala pa waya nthawi yaitali ikayamba kupalasa pa dothi la zinzake. Mankhwala ake ndi amprolium wothira m'madzi akumwa. Mukaona nyongolotsi zoyera zazitali m'zitosi, piperazine amathandiza, koma dikirani iyambe yadya n'kupeza mphamvu. Osaphatikiza zonsezi tsiku limodzi pongoganizira. Chilichonse chomwe mwagula, werengani papaketi masiku amene mazira sayenera kudyedwa. Tsabola ndi alovera, zomwe tinakula tikuona amayi akusinjira m'madzi a nkhuku, kachilombo ka chitopa sizipha. Zomwe zinkapulumuka zinkapulumuka pazokha. Choipa chake n'choti madzi a alovera amawawa ndipo amatsegula m'mimba, pomwe ife tikufuna nkhuku yanuyi imwe kwambiri.

Dokotala wa ziweto wapulaiveti angakuuzeni mtengo woposa wa nkhuku zingapo, ndikudziwa. Koma kuli mabungwe othandiza ziweto za anthu opeza movutikira. Kufupi ndi kwanuko kuli SPCA ya Randburg. Kulinso CLAW ku Durban Deep cha ku Roodepoort, PDSA ku Soweto, ndi SPCA ya Johannesburg ku Booysens. Yambani mwaimba foni, munene kuti ndi nkhuku, mufunse tsiku ndi zolipira, kuti musawononge tsiku lanu lopuma ndi ndalama ya taxi pachabe.

Za mnzanu wachiwiri uja. Kwathu nkhuku ikadwala timathamangira madzi otentha kuti ndiwo isawonongeke, koma nkhuku yomwe simukudziwa chikuidwalitsa, yomwe mwina yatola poizoni wa makoswe kapena ili ndi mafinya m'mimba, si ya mumphika. Ngati mimba yatupa, kapena padutsa masiku atatu kapena anayi ili pofunda koma siikudya, siikumwa, siikuimirira, kuisunga n'kuizunza. Iphedwe mwachangu ndi munthu wodziwa, kapena muipereke ku SPCA akaigonetse, ndipo ikwiriridwe mozama pomwe agalu sangafukule. Mwanayo muuzeni zoona lero lomwe, kuti nkhukuyi yadwala kwambiri, tikuyesetsa koma mwina sichira. Mpatseni ntchito yosintha madzi ndi kuyang'ana ngati yadya, azikuuzani mukafika.

Ikachira, musaibwezere pabwalo msanga. Ikhale payokha masabata osachepera awiri, atatu ndi abwino koposa, zomwe zinayenera kuchitika tsiku loyamba pofuna kuteteza za a landilodi. Kenako muitchingire ndi waya pakona ya bwalo kuti zizionana osakhudzana kwa sabata. Pozisakaniza ikani mbale za chakudya ziwiri motalikirana, chifukwa thadzi lolamulira silingalondere ziwiri nthawi imodzi. Kujomphana pang'ono kudzakhalapo, ndi mmene zimadziwirana wamkulu. Mukaona magazi ilekanitseninso, poti nkhuku zikaona chofiira sizisiya. Madzulo oyamba muziinyamula kuilowetsa m'khola, ndipo mtanda wake ukhale wam'munsi kuti isathyoke podumpha. Nthenga zimatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti zidzaze, ndipo mazira mwina adzabwerera cha mu Sepitembala usana ukatalika, ngakhale sadzakhala a tsiku ndi tsiku.

FUNSO

Achimwene, bwana wanga wasamukira ku Cape Town ndipo wandisiyira thadzi lake lamawangamawanga, akuti ndi Koekoek. Likudya bwino, koma miyendo ili ndi mamba otukuka, oyera ngati choko, ndipo likutsimphina. Kodi ndi ukalamba?

Bambo wa ku Rosettenville

YANKHO

Bambo, mwapata nkhuku yabwino. Potchefstroom Koekoek inapangidwa kuno komweko ku koleji ya zaulimi ya ku Potchefstroom, ndipo m'magazi mwake muli Black Australorp, yomwe kwathu timaitcha ya Mikolongwe. Imapirira, imadzipalasira yokha. Za miyendozo si ukalamba, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakumba kunsi kwa mamba. Viikani miyendo m'madzi ofunda a sopo kwa mphindi 10, mutsuke ndi mswachi wakale mofatsa, mupukute, kenako mumate Vaseline wambiri kuyambira kuzala mpaka pomwe payambira nthenga, mukusisita chokweza kuti alowe kunsi kwa mambawo. Tizilomboto timafa posowa mpweya. Bwerezani kawiri kapena katatu pa sabata kwa mwezi wathunthu, ndipo mtanda womwe limagonapo utsukidwe. Mamba musamatule ndi chala kapena mpeni, patuluka magazi. Akalewo amayoyoka okha pakapita miyezi. Oyilo wakuda wa galimoto, yemwe ena angakuuzeni, ndi poizoni. Muyang'anenso kuphazi: mukapeza kachipsera kakuda pakati pa chotupa cholimba, chimenecho ndi chithupsa cha mkati, Vaseline sangachithe, n'chofunika dokotala achitumbule.